Nkhope ya Mwiza Pamsika

"Chithunzi chilibe miyendo, Nyazimba. Sichinganyamuke chokha ku boma n'kudzalowa m'thumba la Robson kuno ku Kambombo."

"Koma mwana akuti sanapereke, a Goma."

"Akuti. Manje mumafuna anene chiyani? Ndi mwana uti anavomerapo kuti wanyambita shuga, ngakhale milomo ili mbuu?"

Nyazimba anaika lichero pansi. Akanapitiriza kupeta mpunga ndi mkwiyo umene unali m'manja mwake, zikanapindula ndi nkhuku. Dzina lake la ubatizo linali Irene, koma linangotsala m'buku la ku tchalitchi, mudzi wonse unkamuitana ndi dzina la mtundu wa kwawo. Amuna ake, a Adam Goma, anali atakhala pakhonde akumata chubu cha njinga, ndipo ankalankhula osadzutsa mutu, monga amachitira munthu amene wagamula kale mlandu.

Mlendo anali atangochoka kumene. A Gordon Mtonga, mkulu wa mpingo, anabwera m'mawa umenewo ngati thenga, wonyamula mawu a ukwati, m'malo mwa Robson, mwana wa mlongo wawo, mwini chigayo cha pamphambano. Atatha moni wautali anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chithunzi cha Mwiza, mwana woyamba wa pakhomopo, atavala yunifomu, buku lili pachifuwa, akumwetulira pafupi ndi maluwa a pasukulu. Anachionetsa kwa bambo, anachionetsa kwa mayi, kenako anachibwezera m'thumba ndi kunena kuti adzamva yankho sukulu isanatsegulidwe.

Kumeneko nkhani ya chithunzi sinali yamasewera. Kale mtsikana akalola mnyamata ankamupatsa mkanda kapena kansalu ka m'manja, chikole chosonyeza kuti mtima wagwa. Zaka za m'ma 1990 zitabwera ndi makamera ake, chithunzi chinalanda malo a mkanda. Mwamuna wokhala ndi chithunzi cha mtsikana m'thumba sankafunsidwanso mboni.

"Mwiza, bwera kuno," anaitana a Goma.

Mwiza anatulukira kuseri kwa nkhokwe kumene ankamvetsera zonse, nagwada chapatali. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali giredi 10 pa sekondale yogonera komweko ya ku boma. M'banja lonse la a Goma, kuyambira makolo awo, palibe mwana wamkazi anafikapo pamenepo.

"Adada, ndinajambulitsa kamodzi chabe, kwa Jeff uja amabwera pa geti Loweruka. Anzanga onse anajambulitsa. Changa ndi ichi."

Anachitulutsa m'buku la masamu. A Goma anachiyang'ana, nachitembenuza, nachiyang'ananso.

"Ndi chomwechi. Ndiye kuti unatsukitsa ziwiri, china chako, china cha mwamuna wako."

"Chimodzi chabe, adada. Robson sindinalankhulepo naye, kupatula pogayitsa chimanga."

"Mwamva, Nyazimba? Pogayitsa. Utsi sufuka popanda moto."

"A Goma, mudzi wonse umagayitsa kwa Robson. Inenso ndimagayitsa komweko. Kodi nanenso ndamulola?"

"Musandiseweretse. Ine ndimapsa ndi dzuwa m'dambo kuti mwana akaphunzire, iye ali pa geti kuonetsa mano kwa amuna. Lero ndi chithunzi, mawa abwera ndi mimba, ndiye tidzaloze ndani? Kuli bwino apite ku banja ulemu ukadalipo. Sukulu ikatsegulidwa, katundu wake asamangidwe."

Mwiza anayamba kulira mosatulutsa mawu. Nyazimba ankawadziwa amuna ake ngati chikhatho chake. Sanali munthu woipa, koma anali ndi nthenda ya amuna ambiri, yokhulupirira mwamuna mnzawo wovala jekete kuposa mwana amene anamubereka okha. Ndipo ngakhale sanatchule, phokoso la chigayo chija linkawamvekera bwino m'makutu. Mkamwini wa chigayo ndiye kuti ufa wa ulere mpaka kumanda.

"Ndipita ku boma kukagulitsa mpunga," anatero Nyazimba akutola lichero. "Mumate bwino chubu chimenecho."

Ananyamuka tsiku lotsatira dzuwa lisanatenthe, thumba la mpunga lili pakaliyala, mphepo ya mu Ogasiti ikumuthira fumbi m'maso njira yonse. Jeff sanavute kumupeza. Anali pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msika, kamera ili pakhosi, chipewa chopendekeka, njinga yake itatsamira mtengo. Patsogolo pake panali benchi, pabenchi pali mabuku awiri akuluakulu a zithunzi, ndipo anyamata angapo anali atawerama pamenepo akutembenuza masamba ndi kusekerera ngati akusankha kaunjika.

"Mami, mwabwela. Mufuna kujambulitsa kapena kugula?" anafunsa Jeff m'Chinyanja chake cha m'tauni.

"Kugula chiyani, mwananga?"

"Zithunzi. Kapena muli na mwana mwamuna amene afuna mkazi? Onani chabe, kuona ni mahala, simulipila."

Nyazimba anakhala pabenchi nayamba kutembenuza. Tsamba loyamba ana a sukulu, lachiwiri ana a sukulu. Ena atagwira duwa, ena atakhala pa udzu, ena atabwereka magalasi a dzuwa, onse akumwetulira ndi mtima umodzi, poganiza kuti akumwetulira amayi awo kumudzi. Pa tsamba lina anakumana ndi maso a mwana wake. Anadzigwira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Uyu ndi wa kuti?"

"Mwasankha bwino, mami. Uyo ayenda malonda maningi." Jeff anasolola chithunzicho nachitembenuza. Kumbuyo kunali kolembedwa ndi bolopeni dzina, giredi, mudzi, ngakhale nyumba imene amagona pasukulupo. "Nimalemba kuti nisasokoneze eni ake pobweza. Manje ogula nawo zimawathandiza, safunika kufunsafunsa. Uyu natsukitsa kangapo. Wina wa chigayo anatenga, wina dalaivala wa lole ya thonje, wina sinimudziwa, anali wa ku Lundazi."

Pamenepo kudekha kunatha. Nyazimba anabwera kudzafuna mwamuna mmodzi, ndipo anapeza kuti mwana wake ali m'matumba a anthu amene ngakhale wogulitsayo sakuwadziwa.

"Ameneyu ndi mwana wanga. Ndinamubereka ine."

Anyamata aja anasungunuka mmodzimmodzi. Koma Jeff, amene Nyazimba ankayembekezera kuti agwa nkhope, anangokankhira chipewa kumbuyo.

"Ndiye mwabeleka bwino, mami."

"Anakupatsa chilolezo ndani chogulitsa nkhope ya mwana wanga?"

"Nkhope ni yake, sinikana. Koma filimu ni yanga. Kamera ni yanga. Ku Chipata kotsukitsa nimapita ine, pa lole, mvula na dzuwa. Iye analipila chithunzi chimodzi, anatenga chimodzi. Nam'bela chiyani?"

"Wam'bera sukulu. Atate ake akuti akwatiwe chifukwa cha pepala lakoli."

"Izo ni za kunyumba kwanu. Ine siniuza munthu kuti akaname."

"Ndipatse chimene umatsukira chija."

"Negativu? Ili pamzele umodzi na ana ena, siningadule. Ndiponso ili ku Chipata."

"Ndiye tiye ku Kambombo ukanene pamaso pa amuna anga kuti Robson anagula kwa iwe."

Jeff anaseka, kuseka kwa munthu amene wamva nthabwala yabwino.

"Mami, nikayamba kutchula makasitomala, nizadya chiyani?"

Nyazimba anaimirira. Akanakhala mwamuna bwenzi kamera ija italowa m'ngalande. Anakankha njinga yake kupita kusukulu, akulankhula yekha njira yonse, moti amayi ogulitsa tomato anamuyang'ana mpaka anakhota.

Pasukulu panali zii chifukwa cha tchuthi. Anapeza mayi mmodzi akuyanika zovala kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Anali Madamu Tryness, mphunzitsi woyang'anira atsikana ogonera, amene boma linamutumiza kuchokera ku Kabwe ndipo ankawerengabe miyezi yoti adzabwerere kwawo. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi madzi, namvetsera nkhani yonse akupukusa mutu.

"Amayi, zimene mukamba nizidziwa. Chaka chatha mwamuna wina anabwela pa geti na chithunzi, ati ni mlongo wake wa mtsikana wina, amutenge kuli malilo. Mlonda anaona chithunzi, anaona dzina kumbuyo, anam'tsegulila. Mwayi mtsikanayo anakuwa."

"Nanga munachitapo chiyani?"

"Ninakamba mu miting'i. Azibambo anaseka, ati atsikana amazifuna okha. Ndiponso Jeff amaima kunja kwa waya. Kunja kwa waya si kwathu."

"Waya umene umatchinga mwana kutuluka, koma nkhope yake ikutuluka tsiku lililonse?"

"Mukamba zoona. Nizakambanso na ahedi tikatsegulila, nizatchula na nkhani yanu. Mwina manje azamva."

"Tikatsegulira mwana wanga adzakhala akupepeta gaga kwa Robson. Simungalembe kakalata kwa atate ake?"

"Kalata ya sukulu imafuna chidindo, ndipo chidindo chili na ahedi, ahedi ali ku Chipata."

Chilichonse chimene Nyazimba ankafuna tsiku limenelo chinali ku Chipata. Anatsanzika mwaulemu, chifukwa mayiyo analibe mlandu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa anthu onse a pa boma amene anamva m'mimba anali iye yekha.

Anabwerera kumsika kuti agulitse mpunga wake, ndipo miyendo inamufikitsanso pa mtengo wa mango uja. Buku lachiwiri anali asanalitsegule. Jeff anamuyang'ana chammbali koma sanamuletse. M'menemo munali anthu akuluakulu, maukwati, makwaya, anamwino, azibambo atagwira wailesi. Chapakati pa bukulo Nyazimba anaima. Mayi wina wonenepa bwino, atavala bulauzi yoyera ya amayi a chigwirizano ndi duku lake, Baibulo lili m'manja, ankamuyang'ana mwaulemu wonse. Anali Salome, mkazi wa a Gordon Mtonga, thenga uja.

"Awanso umagulitsa?"

"Aliyense ali m'buku, mami. Koma awo palibe anafunsapo."

"Ndafunsa ine. Ndalama ndilibe, ndikupimira mpunga."

Jeff anatambasula kathumba ka pulasitiki mosafunsa chifukwa. Malonda ndi malonda.

Kunyumba sananene kanthu. A Goma atafunsa za ku boma anawauza mtengo wa mpunga ndi wa sopo basi. Masiku anapita, Mwiza akuonda, mabuku ake ali m'katoni pansi pa bedi osatsegulidwa. Anthu anali atayamba kale kumuitana kuti mayi wa chigayo, ndipo ana aang'ono ankamutsatira ku mjigo akulira ngati injini. Nyazimba ankangoti, "Werenga, mwananga, sukulu upita," ngakhale iye mwini sankadziwa ngati nzeru yake idzagwira kapena idzamuphulikira m'manja.

Lamulungu lotsiriza la tchuthi, atabwera ku mapemphero, analowetsa chithunzi cha Salome m'buku la nyimbo la amuna ake n'kuliika pa mpando. Dzuwa litapendeka a Mtonga anafika ndi jekete lawo lomwe lija, nakhala pakhonde. Mwiza anawapatsa madzi atagwada, ndipo iwo anamuyang'ana ngati munthu woyang'ana mbuzi imene wapereka kale chikole.

"Nkhani yaikulu ngati iyi tiyambe ndi nyimbo," anatero Nyazimba atakhala pamphasa. "A Goma, tsegulani buku, a Mtonga atitsogolere."

A Goma anakondwa kuti mkazi wawo wafewa. Anatenga bukulo, ndipo pongolitsegula chithunzi chinatsetsereka n'kugwera pa nsapato ya mlendo. A Mtonga anawerama kuti atole. Anakhala chowerama nthawi yaitali kuposa imene msana wa munthu wa msinkhu wawo umalola.

"A Goma," anatero potsiriza, mawu atasintha, "mkazi wanga akutani m'buku mwanu?"

"Mkazi wanu?"

"Uyu ndi ndani? Si Salome uyu?"

A Goma anasuzumira chithunzicho.

"Ine, ine sindikudziwa. Mulungu ndi mboni, sindinachionepo."

"Simunachionepo, chili m'buku mwanu? Buku limene mumaimbira pamaso pa Mulungu? Timadyera mgonero limodzi, kansi inu maso ali pakhomo panga?"

"A Mtonga, khalani pansi. Ndi mkazi wanu ndimangopatsana naye moni chabe."

"Aha, moni," analowerera Nyazimba modekha. "Mwamva, a Mtonga? Moni. Utsi sufuka popanda moto. Chithunzi chilibe miyendo."

A Goma anatembenukira kwa mkazi wawo ndi maso a munthu amene akumira.

"Nyazimba, mukundipha. Mukudziwa kuti sindingachite zimenezo."

"Ndikudziwa. Nanga bwanji inu mukufuna ndikukhulupirireni pa mawu anu chabe, pamene mwana wanu anagwada apa, analira, inu osamumvera? Chithunzi ichi ndinagula ndine, kwa Jeff, pamsika, ndi mbale ya mpunga. Salome sakudziwa kanthu. Ndinachiika m'bukumo ndi manja angawa. Pa benchi lomwelo ndi pamene Robson anagula cha Mwiza. China chili ndi dalaivala wa lole ya thonje, china chili ku Lundazi kwa munthu amene ngakhale Jeff samudziwa. Manje ngati chithunzi ndi chikole, mwana wanu ali ndi amuna atatu, ndipo inu a Goma muli ndi akazi awiri. Tiyambe ukwati uti?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola mpunga wotayika. A Mtonga anali akali chiimire, chithunzi cha mkazi wawo chili m'dzanja, thukuta likutsika m'khosi.

"Robson anandiuza kuti anapatsidwa," anatero.

"Munamufunsa mtsikana?"

"Mwambo sutero. Thenga amalankhula ndi makolo."

"Ndiye mwambowo unapangidwa nthawi ya mikanda, a Mtonga. Mkanda sunkatsukidwa ku Chipata."

A Mtonga anaika chithunzi cha Salome m'thumba lomwe munali cha Mwiza, natenga njinga yawo osatsanzika. Nyazimba anawakuwira kuti asiye cha mwana, koma iwo anati mwini wake ndi Robson, adzabweza yekha. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, ndipo a Goma anakhala nthawi yaitali akutembenuza masamba a buku la nyimbo ngati muli china chimene chingagwenso. Kupepesa sanapepese. Amuna a mtundu wawo amati akapepesa mwana ndevu zithothoka.

"Bokosi lake lija loko wake anathyoka," anatero kenako, akuyang'ana kumbali. "Mundikumbutse mawa ndikonze."

Nyazimba akanakonda nkhani ikanathera pamenepo, koma mvula ikakuona litsiro sikata. A Mtonga atafika kwawo mkwiyo wonse anautsanulira pa Salome, ati mkazi wa mkulu wa mpingo amakaimiriranji pamaso pa anyamata a makamera. Anthu oyandikana nawo anamva zonse, ndipo pofika m'mawa nkhani inali itamera nthenga. Ena ankati chithunzi chinapezeka pansi pa pilo wa a Goma. Salome anakumana ndi Nyazimba pa mjigo, natula ndowa yake pansi.

"Nyazimba, tinavinidwa chaka chimodzi, ine ndi inu. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, Salome. Ndinkafuna kupulumutsa mwana."

"Mwamupulumutsa ndi nkhope yanga. Munandifunsa? Mukanabwera kudzandiuza, mwina ndikanakupatsani ndekha changa cha m'nyumba. Manje mukusiyana pati ndi Jeff? Iye anagulitsa, inu munagula."

Nyazimba anayang'ana madzi akusefukira mu ndowa. Zinamupweteka chifukwa zinali zoona. Anapita kukapepesa ndi nkhuku, Salome analandira nkhukuyo koma moni wake unakhala wouma kuyambira pamenepo. Robson naye chithunzi sanabweze. Anachikhoma ndi msomali pakhoma la chigayo, pamwamba pa sikelo, kuti aliyense wogayitsa azichiona chikuyera ndi ufa. Nyazimba anatulutsa mtondo wakale n'kuyambanso kusinja pamanja.

Tsiku lotsegulira sukulu anamuperekeza yekha mwana wake. Anamuchapira yunifomu, anaisita ndi simbi ya makala mpaka kolala inaima, anamupesa tsitsi n'kumudzoza mafuta, kuti adani aone. Bokosi analimanga pakaliyala, iwo awiri akuyenda pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewo Mwiza ankaseka ndi kusimba za aphunzitsi ake.

Pa geti anapeza mzere wautali wa atsikana ndi mabokosi awo. Madamu Tryness atawaona anabwera mothamanga, nkhope ili ngwee.

"Amayi, nkhani yanu inagwila nchito. Ninakamba na ahedi, manje amva. Kuyambila temu ino mtsikana aliyense azakhala na kadi yokhala na chithunzi chake, ina ikhala kwa mlonda pamodzi na maina a abale ololedwa kumuona. Munthu sazangobwela n'kutenga mwana."

"Chithunzi," anatero Nyazimba pang'onopang'ono. "Ajambula ndani?"

Madamu Tryness anayang'ana pansi. Nyazimba anatsatira mzerewo ndi maso mpaka kumene unathera. Pakhoma la ofesi panali patapachikidwa nsalu yabuluu, ndipo patsogolo pake, mkati mwa waya tsopano, panaima Jeff ndi chipewa chake chopendekeka, akuuza kamtsikana ka giredi 8 kuti kakweze chibwano.

"Ninakana, amayi," anatero Madamu Tryness, "ninakana maningi. Koma boma yonse ino kulibe wina ali na kamera. Ahedi anam'chenjeza kuti asagulitse."

"Anamuchenjeza. Mbuzi mwaimangirira m'munda, ndiye mwaichenjeza."

"Popanda kadi mwana salowa mu hositelo. Ni lamulo manje."

Nyazimba anakumbukira zonse zimene anadutsamo. Anapalasa njinga mpaka ku boma, anataya mpunga, anataya mnzake wa pa chinamwali, manja anali matuza ndi musi, zonsezo kuti adzapereke yekha mwana wake kwa munthu yemweyo, ndipo ulendo uno ndi chidindo cha sukulu. Anagwira dzanja la Mwiza.

"Tiye kunyumba."

Mwiza sanasunthe.

"Kunyumba kukatani, amama? Kukasinja?"

Mawuwo anamulasa. Akanabwerera naye, akanakhala atachita ndi manja ake chimene a Goma ndi a Mtonga ndi Robson analephera onse pamodzi. Analeka dzanjalo. Anaima pambali pa mzere, wopanda nzeru ina, ndipo aka kanali koyamba kuti nzeru zimuthere pamaso pa mwana wake.

Mzere unayenda. Itatsala pang'ono nthawi yake, Mwiza anatembenuka.

"Amama, ndigwirireni chikwama."

Anawerama, natapa fumbi la pabwalo ndi manja onse awiri, nadzipaka kumaso pamene amake anadzoza mafuta. Anasokoneza tsitsi lija mpaka linaima ngati chisa. Kolala imene inasitidwa ndi makala anaipindira mkati mbali imodzi. Kenako anakaima pa nsalu yabuluu, anatsinzina diso limodzi pang'ono, nakhwefula mlomo wam'munsi ngati munthu wodwala mano.

Atsikana a pamzere anaphulika kuseka. Jeff anatsitsa kamera.

"Iwe, ni chiyani ichi? Konza nkhope. Mwetulila monga tsiku lija."

"Jambulani chabe," anatero Mwiza.

"Chizaoneka choipa."

"Ndikudziwa. Choipa palibe adzagula."

Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo kwa mzere. Mtsikana amene anali wotsatira anayang'ana Mwiza, anayang'ana Jeff, kenako anawerama nayenso n'kutapa fumbi.

Kamera inalira. Nyazimba anaima atakumbatira chikwama, misozi ikutsika, ndipo sanadziwe ngati akulira chifukwa chonyadira kapena chifukwa cha ukali. Mwana amene anamubereka wokongola, amene anamusambitsa m'mawa womwewo kuti dziko limuone, anayenera kudziipitsa kuti dziko limusiye aphunzire. Ndipo nkhope imeneyo ndi imene adzaionetse pa geti mpaka adzamalize giredi 12.

Mwiza anabwera, anatenga chikwama chake, nasenza bokosi pamutu.

"Pitani bwino, amama. Mukawauze adada kuti ndalowa."